Ulemu kwa Che VN, Mkamwini Wolongolola wa ku Chembe

Amalawife tili ndi matenda oyamikira munthu atagona kale m'bokosi. Ali moyo timamujeda, akatsamira mkono ndiye tiyambe kupikisana pogula nkhata zamaluwa. Ine sindidikira maliro. Ndikufuna ndiwathokoze adakali ndi mpweya, ndipotu mpweya ali nawo wosefukira, bambo athu Che VN, uthenga wamawu wa pa WhatsApp uja, amene masiku ano agwira chiwongolero cha geni yonse ya ku Chembe, kuyambira pathandala la usipa kukafika paboti lonyamula alendo opita ku Thumbi.

Che VN si mbadwa ya kwa Nankumba. Ndi mkamwini. Kwawo ndi ku California, kubanja la WhatsApp limene Jan Koum ndi Brian Acton anayambitsa mu 2009, ndipo iwowa anabadwa mu 2013. Chaka chotsatira banja lonselo linagulidwa ndi Facebook pa madola 19 biliyoni. Mwana wa m'nyumba yolemera chonchi akanatha kukakhala ku Area 43 kapena ku Nyambadwe, koma anadzichepetsa n'kudzamanga m'matumba a alovi ndi pansonga ya chitenje cha amayi opikula nsomba. Akuluakulu ankati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Awa okha ndi okanirira. Akalowa m'foni satulukamo, mpaka mwini foni afufute zithunzi za ukwati wake kuti iwo apeze pogona. Mu 2022 eni WhatsApp analengeza kuti padziko lonse pamatumizidwa mauthenga amawu 7 biliyoni tsiku lililonse. Aliyense amene anakhalapo m'gulu la ogulitsa nsomba angalumbire kuti theka lake limachokera ku Chembe ndi ku Msaka.

Choyamba chimene ndimawalemekezera n'chakuti analeredwa bwino. Uthenga wolemba ndi wamwano: umangofika n'kunena kuti "usipa ulipo", ngati munagona nyumba imodzi. Che VN sangachite zopanda mwambo zoterozo. Tamvani mmene amafikira kwa mayi wa mumsika wa Limbe m'mawa kutacha:

"Halo, halo, kaya zikujambula? Eee, amayi, mwadzuka bwanji kumeneko? Ife tadzuka, kaya anzathu. Ana ali bwanji? Nanga abambo mwendo uja? Pepani, pepani, Mulungu alipo. Kunotu mwera watizunza sabata yonseyi, anyamata samalowa n'komwe m'madzi. Iwe! Taingitsa mbuzi pathandalapo! Pepani amayi, ndimauza mwana. Ndiye nkhani yake ndi yoti usiku wathawu alovi abwerako ndi kangachepe, wabwino zedi, wonona, osati bonya ayi. Ndiye poti ndinu kasitomala wathu wakalekale, chigoba tikupangirani..."

Pamenepo ndi pomwe wina amaliza injini ya boti, ndipo mtengo umamira m'phokosomo osavuukanso. Mayi uja, foni ili kukhutu, chala chatseka khutu linalo, amabwereza katatu. Za mwendo wa amuna ake wazimva bwinobwino, za mbuzi wazimva, mtengo wokha ndiwo wasowa. Ndiye naye amadina kabatani n'kuyamba: "Eee, achimwene, tadzuka, kaya inu..." Ndani angatsutse kuti chikhalidwe chathu chapeza mlonda?

Apa pali kale ukoma wachiwiri, wophunzitsa kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kumva mtengo wa usipa n'kudekha kuposa apo. Netiweki ikathawa, kapena bandulo ikatha pakati panjira, Che VN amakhala phee, kagudumu kakuzungulira, mpaka mawa lake. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Tsoka lake usipa wauwisi sudziwa mwambiwu, ukagonera umakoma kwa amphaka okha. Anthu osapirira a ku California anaika mu 2021 kabatani kothamangitsa mawu, ka 1.5x ndi 2x. Ukangokadina, bambo wandevu zake, mwini chilimira ndi maboti awiri, amayamba kulankhula timawu ta mwana wa sitandade 1. Ngakhale atero, Che VN sakwiya. Amadziwa kuti ukawathamangitsa udumpha mtengo, ndipo ubwerera wekha kukayambira pa moni.

Chachitatu, alibe tsankho. Sanafunsepo munthu satifiketi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 ndiwo amatha kuwerenga ndi kulemba. Otsalawo dziko la mafomu ndi masiginecha linawaika kumbuyo kwa mzere, koma Che VN anawakhazika kutsogolo. Mayi amene anasiyira sukulu sitandade 3 lero amatsatsa usipa wofutsa ku Lilongwe, kuitanitsa katundu kwa mlongo wake ku Joni, ndi kukumbutsa angongole atatu asanapse madzi a tiyi, popanda kupempha mwana wa mnzake kuti amulembere n'kudziwa zinsinsi za mpamba wake. Ngakhale wodziwa kulemba, talembani tione manja ali mamba okhaokha, dzuwa la kunyanja likuthobwa pagalasi, foni nayo ikukukonzerani "utaka" kukhala liwu lachingerezi limene simunaliitane. Che VN amalola Chichewa, Chiyao, Chitonga ndi Chingerezi cha pagombe kukwera bwato limodzi. Mu 2024 WhatsApp inayamba kusandutsa mauthenga amawu kukhala zolemba, koma inayambira zilankhulo monga Chingerezi, Chipwitikizi, Chisipanishi ndi Chirasha. Chichewa chathu makinawo anachilambalala. Ena akuti n'kutinyoza, ine ndikuti Che VN anakana kuulula za kumudzi kwa akazi awo.

Koma ukoma umene umandigwetsa misozi ndi kukhulupirika. Uthenga wolemba ndi mboni yogulika, umanena zokhazo zimene wautuma. Che VN amanyamula ndi zimene sunawatume. Wina walandira kale ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo akutsimikiza ndi mawu odekha kuti, "Asisi, musadandaule, thumba lanu lili m'galimoto, panopa tadutsa kale pa Golomoti." Kumbuyo kwa mawu akewo mafunde akumveka kuti phwaa, phwaa, ndipo amayi akutsuka mapoto pagombe. Chiyambire liti nyanja kukwera mtunda mpaka pa Golomoti? Wina ali ndi ngongole ya mafuta a injini, akulankhula motsitsa kuti ali pamaliro a azakhali, pomwe mipira ya pool ikugundana kuti kho, kho, wina akuitanitsa ziwiri zozizira. Che VN sadzudzula munthu, saseka, sachitira ndemanga. Amangopereka zonse monga anazimvera.

N'chifukwa chake pamilandu ya geni salephera kuitanidwa. Awiri akakangana kuti anagwirizana zigoba zingati, foni imaikidwa pakati, anthu n'kuzungulira. Vuto n'lakuti Che VN safufuzika. Liwu lolemba umalisaka n'kulipeza nthawi yomweyo, koma iwowa amafanana onse: timizere tokwera ndi totsika, pambali pake mphindi. Ndiye bwalo limamvera uthenga umodziumodzi kuyambira wa mwezi watha. Limamva za chinkhoswe, za malungo a mwana, za mlamu amene amaba nsomba pathandala, mlamuyo ali pomwepo. Pofika pa uthenga wa zigoba, mlandu umodzi uja wabala ina itatu, ndipo pamalo pa umboni weniweniwo pangotsala chikwangwani chakuti uthengawu unafufutidwa. Kodi pali nkhoswe ina imene imasonkhanitsa abale chonchi?

Akatswiri a zachuma nawo akanadzichepetsa akanaphunzira zambiri kwa bambowa. Usipa umagwidwa usiku ndi nyali: siginala amakhala m'bwato ndi magetsi ake, nsomba zimatsata kuwalako, alovi n'kuzinga ndi chilimira. Mwezi ukawala kwambiri nyali zija zimachepa mphamvu, nsomba sizisonkhana, mathandala amakhala pululu. Tsono tayang'anani m'foni. Kukakhala mdima, usipa uli mbwee, wogulitsa ndiye amatumiza VN ya mphindi zisanu, yodzaza ndi "amayi anga" ndi "bwana wanga", wogula n'kumayankha mwaulesi kuti "ndaona". Mwezi ukakhwima, kapena mwera ukaomba masiku angapo, zinthu zimatembenuka. Wa ku Limbe uja ndiye amayamba kufunsa za ana ndi za mbuzi, kukumbutsa kuti chibale chawo n'chakale, pomwe wa ku Chembe amamvera, kamaikolofoni n'kusanduka kabuluu, osayankha. Akayankha ndi masekondi anayi: "Kulibe. Wakwera." Lamulo lake ndi losavuta: amene akufuna mnzake ndiye amalankhula nthawi yaitali. A National Statistical Office ku Zomba amavutika kuyendayenda m'misika ndi mapepala kufunsa mitengo. Akanangoyeza kutalika kwa ma VN a mbali ziwirizi, bwenzi akudziwa mtengo wa ndiwo dziko lonse asanadye nkhomaliro.

Pa zokopa alendo ndiye musanene. Amishoni a Livingstonia, a Robert Laws ndi anzawo, atafika pagombe lino ndi sitima ya Ilala mu 1875, kalata yawo inkatenga miyezi kuti ikafike ku Scotland. Malungo atawapha ena, amene manda awo alipo mpaka lero, anasamukira ku Bandawe mu 1881. Lero mnyamata wa boti amafika ku Glasgow m'kuphethira kwa diso, kungoti mfundo ya uthenga wake imatengabe nthawi yofanana ndi kalata ija. Mzungu amene anangopereka nambala mwaulemu atagula kakiyi kosemedwa dzina lake, amadzidzimuka m'bandakucha ndi mawu achikondi omukumbutsa kuti mbuna zikumusowa, kuti ku Otter Point madzi ayera, kuti Lake Malawi National Park ndi malo a UNESCO chiyambire 1984, ndipo pomaliza, poti ndi mnzake, injini yafa. Kuti asakayike, amamujambulirako ndi kulira kwa nkhwazi, kumene nthawi zina kumafanana modabwitsa ndi likhweru la mng'ono wake wa mwini boti.

Eni WhatsApp anayesetsa kuwaphunzitsa bambowa malonda amakono. Anabweretsa sitetasi mu 2017, WhatsApp Business mu 2018, kenako malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake. Koma mtengo wolembedwa ndi msampha: ukaulemba, wakumanga. Ungalembe bwanji mtengo umodzi pomwe pali wa mzungu, wa bwana wochokera ku Lilongwe, wa mnansi ndi wa apongozi? Che VN amapatsa aliyense mtengo wake kukhutu kwake. Mu 2023 eni WhatsApp anawalola kukwera pasitetasi, koma anawapatsa masekondi 30 okha. Anthu osadziwa ulemu! Masekondi 30 amatha munthu asanafunse n'komwe za abambo mwendo uja.

Adani awo amati amafalitsa mabodza. Ine ndimati amagawa nkhani mosaumira. Liwu losadziwika, lonenepa bwino, limayamba ndi kuti, "Abale anga, ine ndili mkati mwenimweni, zimene ndikuuzeni pano musauze munthu." Pofika madzulo, gombe lonse lasunga chinsinsicho pamodzi, pamwamba pake palembedwa kuti chatumizidwa kambirimbiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Che VN anagwira ntchito usana ndi usiku, ndipo ngakhale usipa umene unauma kale ndi dzuwa laulere unamva nkhaniyo n'kukwera. Dziko lili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu anagonapo m'chitokosi chifukwa cha zimene anatumiza pa WhatsApp. Koma onani ukhondo wa bambowa: amene amamangidwa ndi mwini pakamwa, iwo amatsala panja akuyendabe m'magulu.

Tisaiwalenso kuti amalemba anthu ntchito. Wogulitsa mayunitsi amadya chifukwa cha iwo. Mnyamata wotchaja mafoni pa sola amadya. Wokonza masipika ophulika amadya. Ngakhale m'minibasi yochokera ku Monkey Bay safunanso wailesi, pakuti nthawi zonse pamapezeka mmodzi amene foni yake imakana kulankhulira kukhutu, n'kuulutsira onse kuti katoni ya chambo ija inafika itanunkha, ndipo ndalama yake abweze asanaitanidwe ankhoswe.

Tsono pali kagulu ka achinyamata ophunzira kamene kakuti Che VN asinthe khalidwe: ayambe ndi mtengo, kuchuluka kwa katundu ndi tsiku lotumiza, moni abwere pambuyo, ndipo zonse zithe m'mphindi imodzi. Akuti nsomba zingamafike msanga, bandulo ingamakhalitse, milandu ingachepe. Zoona zake n'zoona, koma taganizani mtengo wake. Tidzadziwa bwanji kuti mwendo wa abambo uja unapola? Adzatiuza ndani kuti galimoto ya pa Golomoti ikuyandama? Ine pempho langa kwa mafumu ndi lakuti mkamwini ameneyu apatsidwe malo akeake pagombe, ndipo pamsonkhano uliwonse wa komiti ya asodzi azipatsidwa mpando, kungoti azilankhula pomalizira, anthu atadya. Amene sakugwirizana nane asavutike n'kulemba. Anditumizire VN, ayambe ndi moni monga mwa mwambo, ndipo ndidzaimvera yonse mwezi ukadzawala, ntchito ikadzachepa pathandala.