Kuthamanga Sikufika: Mboni Zochokera ku Detroit

Anthu amene adapeka mwambi woti "kuthamanga sikufika" onse ankayenda wapansi. N'chifukwa chake achinyamata ena amaukayikira. Amati awa ndi mawu odzitonthoza nawo a munthu wotsalira m'mbuyo, ndipo gogo amene adawayankhula akadangopatsidwa galimoto ya masilinda 8, bwenzi atawaiwala asanalowetse giya yachitatu. Mlandu wotere sungazengedwe pabwalo la mfumu, poti mboni zake n'zoyenda wapansi zomwezo. Tiutengere ku Detroit, ku America, kumene m'zaka za m'ma 1960 liwiro ankalimata mtengo n'kumaligulitsa.

Mboni yoyamba ndi Plymouth Barracuda. A kampani ya Chrysler atamva mphekesera zoti a Ford akukonza galimoto yokopa achinyamata, adaliyatsa liwiro. Adatenga galimoto yawo ya Valiant, n'kuiika chigalasi chachikulu kumbuyo, n'kuitulutsa pa 1 Epulo 1964. Ford Mustang idabwera patatha masabata awiri, pa 17 Epulo, pachionetsero cha World's Fair ku New York. Tsiku loyamba lokha anthu 22,000 adalembetsa kuti aigule. A Ford ankayembekeza kugulitsa 100,000 pachaka, koma adagulitsa zoposa 400,000, ndipo mu 1966 ya nambala 1 miliyoni idatuluka m'fakitale. Barracuda yolawirira ija sidakwanitse ndi 25,000 zomwe m'chaka chake choyamba.

Chopweteka kwa olawirirawo n'chakuti Mustang yotsika mtengo, ya madola 2,368, sinali yothamanga n'komwe. Lee Iacocca wa ku Ford ndi anzake adatenga zam'kati za Ford Falcon, galimoto yopitira kutchalitchi ndi kumsika, n'kuziveka boneti yaitali, kumbuyo kwakufupi, ndi chithunzi cha hatchi yothamanga pamphuno. Unali mkute wotenthetsa bwino, woperekedwa m'mbale yatsopano. Injini yake inali ya masilinda 6, mphamvu ya mahatchi 101. Othamanga enieni anali kwina. M'nyengo yomweyo ku Pontiac, John DeLorean adazembetsa lamulo la mabwana ake a General Motors loletsa injini zazikulu m'magalimoto apakatikati. Adatenga injini ya malita 6.4 n'kuilemba ngati chinthu chongowonjezera chimene kasitomala angasankhe, ngati mmene amasankhira wailesi. Idabadwa motero Pontiac GTO, ya mahatchi 325.

Mpikisano udayambira pomwepo. A Ford adaitana katswiri wa mijaha Carroll Shelby, yemwe mu 1965 adatulutsa Mustang ya GT350, ndipo mu 1969 padabwera Boss 429. A Chrysler anali ndi injini yawo ya Hemi ya mahatchi 425. Mu 1970 Chevrolet Chevelle SS idafika pa 450. Galoni ya petulo inali yosakwana masenti 40, choncho funso loti galimotoyi imamwa bwanji linkafunsidwa ndi anthu opanda ulemu okha. Mustang nayo idadya bwino: pofika 1971 inali yatalika, yatambalala, yalemera, hatchi yapamphuno ija ikukoka mimba.

Mboni yachiwiri ndi kanema wa mu 1968 wotchedwa Bullitt. Steve McQueen ali mu Mustang yobiriwira, akuthamangitsa zigawenga ziwiri zimene zili mu Dodge Charger yakuda m'misewu yotsetsereka ya ku San Francisco. Kwa mphindi pafupifupi 10 matayala akulira, utsi uli koboo, magalimoto akudumpha pazitunda n'kumenyetsa mimba pansi. Koma mukaonetsetsa, pali kagalimoto kena kobiriwira, ka Volkswagen Beetle, kamene kakutsika phiri pang'onopang'ono. Achiwembu aja akukadutsa ngati mphepo. Akakhota, ikonso kali kutsogolo. Akukadutsanso. Pakona ina, ikonso. Odziwa za makanema amati chigawo chimodzi chidajambulidwa ndi makamera angapo n'kuonetsedwa mobwereza. Ife odziwa miyambi tikuti ayi, ameneyo ndi gogo uja, adangobwereka galimoto. Charger idakathera pamalo omwetsera mafuta, moto uli lawilawi. Za Beetle sitidamve kuti idagunda kanthu. Ngakhale Mustang ya McQueen yomweyo idadzapeza ulemerero wake itaima: itakhala m'galaja zaka zoposa 30, idagulitsidwa madola 3.74 miliyoni mu 2020.

Kenaka ngongole ya liwiro idafika, ndipo idabwera ndi abale ake. A inshulansi adaona kuti mnyamata wa zaka 20 ndi mahatchi 400 sakhalitsa pamsewu, ndiye adakweza mitengo. Lamulo la Clean Air Act la mu 1970 lidalamula kuti utsi uchepe, injini zidayamba kufooka. Mu Okutobala 1973 maiko a Aluya adaleka kugulitsa mafuta ku America, ndipo mizere idayamba pamalo omwetsera mafuta. Mmalawi safunika kumufotokozera kuti pamzere wa mafuta palibe galimoto yothamanga. Onse amasuntha mofanana, ena mochita kukankha. Mu Januwale 1974 Pulezidenti Richard Nixon adasaina lamulo loti pasapezeke woyendetsa kuposa mamailosi 55 pa ola, omwe ndi makilomita 89. Chaka cha 1974 chidakhala cha maliro okhaokha: Barracuda, Dodge Challenger, AMC Javelin ndi GTO zonse zidalekeka kupangidwa.

Nanga Mustang idapulumuka bwanji? Idavomera kusekedwa. Mu Seputembala 1973, kutatsala mwezi umodzi kuti vuto la mafuta liyambe, a Ford adatulutsa Mustang II, yaing'ono, yomangidwa pamsana pa Ford Pinto. Injini yake yoyambira inali ya masilinda 4, mahatchi 88, ndipo chaka choyambacho ku America kunalibe V8, injini ya masilinda 8, ngakhale utalira bwanji. Mu 1978 adatulutsa ina yotchedwa King Cobra, chinjoka chachikulu chitamatidwa paboneti, pansi pake pali mahatchi 139 okha. Okonda magalimoto mpaka lero akamva dzina la Mustang II amayang'ana kumbali. Komatu m'chaka choyamba zidapangidwa zoposa 385,000, pafupifupi katatu kuposa chaka cham'mbuyo mwake.

Apa ndi pamene mwambi uja umaluma. Kuyenda pang'onopang'ono pakokha sikuvuta. Chovuta ndi maso a anthu amene adakuonapo ukuthamanga. Tonse timamudziwa bambo amene ntchito idatha koma ma V8 ake sadazimitse: nyumba ya lendi yomweyo, ana kusukulu yodula yomweyo, kubala akugulirabe tebulo lonse, mafuta ake akuchokera kwa akatapila. Kusamukira kunyumba ya zipinda ziwiri akuti ndi manyazi. Timamudziwanso mayi amene malonda atavuta adatseka shopu ya m'tauni n'kukayala katundu pakhonde, anzake akumunena, koma lero dzina lake likadali pamsika. Za othamangira kulengeza maliro pa WhatsApp, mwini wake n'kuyankha yekha kuti akadali moyo, tisanene zambiri. Amenewo ndi a Barracuda, oyamba kufika pamalo pamene palibe akuwadikira.

Koma aulesi asasangalale msanga, mwambiwu sukuti kugona ndiye kufika. M'zaka za m'ma 1980 a Ford adaganiza zoipumitsiratu hatchi ija. Adakonza zoti dzina la Mustang alipereke kwa galimoto yopangidwa mogwirizana ndi Mazda, yokoka ndi matayala akutsogolo, yopanda V8. Nkhaniyi itaululika mu 1987, makalata aukali adasefukira kulikulu la kampaniyo. Mabwana adabwerera m'mbuyo, galimoto ija adaitcha Ford Probe, ndipo mu 1997 idatha. Anthu adalola kuti Mustang ichepetse liwiro nyengo itavuta, koma adakana kuti iiwale kuthamanga.

Tiwerenge tsono amene adafika. Dzina la Plymouth lidafufutidwa mu 2001, la Pontiac mu 2010. Chevrolet Camaro idalekeka mu 2002, idabwerera, n'kulekekanso. Mustang yokha ndiyo sidadumphepo chaka chiyambire 1964. Mu 2015 idayamba kutuluka m'fakitale ndi chiwongolero cha kumanja, yopita ku Britain, Australia ndi South Africa, ndipo mu Ogasiti 2018 ya nambala 10 miliyoni idatuluka ku Flat Rock, m'chigawo cha Michigan. Ukalamba waiphunzitsanso ulemu: kuyambira mu 2018 ili ndi batani loti injini idzuke mwakachetechete m'mamawa, anansi asaitane apolisi. Mlandu uja gogo wapambana.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene gogoyo sadachilote. Mustang ya 2024 ili ndi kiyi amene ukamudina uli panja, injini imabangula yokha, pampando palibe munthu, matayala ali chiimire. Uku sikuthamanga, sikufikanso. Ndi phokoso lokhalokha loti odutsa acheuke. Amene ali pa Facebook aona kale kuti khalidweli silili m'magalimoto mokha: anthu akubangula za maulendo amene sadanyamuke, mabizinesi amene sadatsegule, ndi maukwati amene ankhoswe sadamvepo. Makolo adatisiyira mwambi wa othamanga. Wa obangula ali chiimire tipeke tokha, ndipo tisachedwe nawo, chifukwa anthu ake achuluka kale.