Ulemu kwa Agogo Ozilala

Tiwombe m'manja, abale, polemekeza agogo athu, kazenera ka manambala obiriwira ka pa deki yakale ya VHS, amene masiku ano akuwala ngati chiphaniphani chodwala malungo. Ndani winanso m'nyumba muno amagwaditsa bambo wandevu zake? Ukafuna kudziwa nthawi uyenera kuzimitsa nyale, kugwada, n'kutchinga galasi ndi manja ngati ukunong'oneza mfumu. Foni sinalandirepo ulemu wotere.

Si a mtundu wamba ayi. Kwawo ndi ku Japan, kumene kampani ya Ise Electronics inawabereka mu 1967, ndipo dzina lawo la ubatizo ndi VFD. M'galasi lawo lopanda mpweya muli tiwaya ta tungsten topyapyala kuposa tsitsi. Tikafunda timalavula ma electron, amene amakagunda phosphor, manambala n'kuyaka. Ntchito imeneyi aigwira usana ndi usiku osapempha tchuthi, ndipo magetsi akathima n'kubweranso amaphethira 12:00 mokhulupirika mpaka zigawo za manambalawo zinafwifwa kuposa zinzake. Zipsera za msilikali zimenezo!

Adani awo ndi amisiri okonza mawailesi, anthu osadziwa kulemekeza imvi. Amayamba n'kupukuta fumbi lobisala kuseri kwa pulasitiki, chofunda chimene agogo anadzisonkhanitsira zaka zambirimbiri. Kenaka mita m'manja, kusakasaka mzere wa magetsi wa -30 V, n'kuloza kapasita youma ngati agwira mfiti. Amasuzumiranso kadontho konyezimira ka pakona ya galasi. Kakayera ngati ufa ndiye kuti mpweya walowa, kaitaneni adzukulu. Ena olimba mtima amawonjezera moto pa tiwaya tija kwa kamphindi mpaka tifiire, kuti zonyansa zipse. Kumeneko n'kumwetsa nkhalamba kachasu kuti ivine: mwina ivinadi, mwina kawaya kaduka, basi kwatha.

Ine ndinachimwa. Ana atandivutitsa ndinawanyamula agogo kupita nawo kwa mmisiri wa kumsika. Munthuyo sanawapatse ngakhale moni. Anazula makapasita awiri, n'kuwotcherera atsopano, n'kutambasula dzanja.

Agogo anabwerako achipongwe. Usiku akuwalitsa pabalaza ponse, akulengeza nthawi yolakwika molimba mtima, ndipo palibe akugwadanso. Dzulo mayi a kunyumba awafunditsa kansalu koluka kaja ka pa tebulo.