Nyanja ya m'ndakatulo ndi nyanja ya usipa

Malo a m'ndakatulo zamakono amasiyana ndi malo a pamapu, ndipo amene amavutika kwambiri ndi kusiyanaku ndi munthu amene malowo amawadziwa ndi mapazi. Mlembi wa danga lino, mwana wa ku Mangochi, ndi chitsanzo chokwanira cha wowerenga wotere.

Vutoli limayamba ndi kukhulupirira mlakatuli. Wowerenga wamba akakumana ndi nyanja m'ndakatulo amaona nyanja basi: bwato, chilimira, usipa pathandala, ndi mwera woletsa asodzi kulowa m'madzi nyengo yozizira. Akapeza chambo m'ndime yachiwiri amayamba kudandaula za mtengo wake. Ophunzira a ku Zomba amamuuza kuti nyanjayo ndi Amalawi, bwato ndi boma, ndipo chambo ndi ufulu. Iye amagwedeza mutu movomera, koma mumtima amadabwa kuti ufulu unayamba liti kukhala ndi mamba.

Ophunzirawo sanama kwenikweni. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, bungwe lounika mabuku, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linkasefa zolembalemba, choncho alembi a gulu la Writers Group, limene linayamba mu 1970 pa Chancellor College, anaphunzira kutchula phiri akafuna kunena munthu. Jack Mapanje, wobadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango m'boma lomweli la Mangochi, anatulutsa buku la Of Chameleons and Gods mu 1981. M'bukumo mumapezeka dzenje la Chingwe la paphiri la Zomba, limene akuluakulu amati mafumu akale ankaponyamo adani awo. Boma silinaganize kuti mkuluyu akuitanira alendo kudzaona malo. Linachotsa bukulo m'masitolo, ndipo mu September 1987 linamutsekera ku ndende ya Mikuyu osamutengera kukhoti, mpaka May 1991. Chopweteka pankhaniyi n'chakuti apolisi a nthawi imeneyo anamva msanga ndakatulo zimene mlembi wa danga lino amazimva pokhapokha mphunzitsi atamufotokozera kawiri.

Wowerenga akadziwa mbiri imeneyi, matenda amakula. Sathanso kuyenda m'tauni ya Mangochi mwamtendere. Nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, imasanduka atsamunda oimirira kudikira kuti abwerere. Mtsinje wa Shire ukamatuluka m'nyanja kulowera ku Malombe, iye amaona chuma cha dziko chikuthawa. Mvuu ikayasamula, amanong'oneza mnzake kuti akudziwa nduna imene ikunenedwa. Mwana wa sekondale akamuonetsa ndakatulo ya Cape Maclear, amapezamo amishoni a Livingstonia amene anafika kumeneko mu 1875, malungo amene anawasamutsa, ndi manda amene anasiya. Mwanayo amamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako n'kufotokoza kuti iye anangopita kukasambira.

Chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, alakatuli akhoza kutchula nduna ndi dzina lake pawailesi kapena pa Facebook, koma nyanja sanaisiye. Lero nyanja ikhoza kukhala dziko, ikhoza kukhala chibwenzi chimene chinapita ku Johannesburg osatsanzika, ikhozanso kukhala madzi enieni. Njira imene wowerenga wamba amadalira ndi kuyang'ana chaka: ndakatulo ikakhala ya 1994 isanafike, nsomba iliyonse ndi yokayikitsa. Ikakhala ya pambuyo pake, amafunsa mwini wake. Alakatuli ambiri amayankha kuti tanthauzo lili ndi wowerenga, kutanthauza kuti lili ndi mlembi wa danga lino, amene wafufuza m'matumba ake onse osalipeza.