Za Kamsilikali ka M'mphepete

Gawo loyamba la masewero a chess, limene akatswiri amalitcha opening, ndi nthawi imene osewera awiri amatulutsa zida zawo ndi kulimbirana pakati pa bolodi, ndipo lalembedwa m'mabuku ochuluka kotero kuti wofuna kulidziwa ayenera kukhala ndi mutu wosunga zinthu komanso thumba lakuya. Mlembi wa danga lino alibe zonse ziwirizi. Chimene chamuwawa n'chakuti maphunziro a opening amagulitsidwa pa intaneti ndi madola, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa nzeru yosunthira kavalo wakwera, ngakhale kavaloyo akudumphabe monga ankadumphira kale.

Chiphunzitso chakale chinali chomveka: wosewera ayambe ndi ma pawn apakati, ndiko kuti tiasilikali toima kutsogolo kwa mfumu ndi mfumukazi, atulutse akavalo ndi mabishopu, abise mfumu yake, ndipo asataye nthawi ndi kamsilikali ka m'mphepete, ka mzere wa h. Pa maziko amenewa panakhazikika njira zolimba monga Berlin Defence, imene Vladimir Kramnik anatsekereza nayo Garry Kasparov ku London mu 2000, mpaka Kasparov anataya ukatswiri wa dziko lonse osapambana masewero ngakhale amodzi. Mlembi analoweza Berlin mpaka patali, koma sanaisewerepo, chifukwa munthu yekhayo amene amalola kukhala naye pa bolodi ndi alamu ake, ndipo alamuwo, amene sanatsegulepo buku la chess chibadwire, amakankha kamsilikali ka m'mphepete masewero akangoyamba. Zonse zolowezedwa zimathera pomwepo. Mlembi amagonja, koma kwa zaka zambiri wakhala akudzitonthoza kuti iye amagonja motsata malamulo pamene alamu ake amapambana molakwitsa.

Chitonthozo chimenechi chinatha mu December 2017, pamene kampani ya DeepMind inaonetsa AlphaZero, pulogalamu ya kompyuta imene inangopatsidwa malamulo a chess n'kudziphunzitsa posewera yokhayokha, kenako n'kugonjetsa Stockfish, pulogalamu imene akatswiri ankaidalira. Mwa zizolowezi zake zimene Matthew Sadler ndi Natasha Regan anafotokoza m'buku la Game Changer mu 2019, munalinso kukankha kamsilikali ka m'mphepete, kamene kakafika pafupi ndi mfumu ya mdani kamaipanikiza, kamailanda pothawira, ndiponso kamatsegulira njira rook, chida choyenda mowongoka chimene chimakhala pangodya. Akatswiri anayamba kutengera. Alamu atauzidwa nkhaniyi sanadabwe konse, anangofunsa ngati makinawo anawatchulako dzina.

Mu 2023, pa mpikisano wa dziko lonse ku Astana, Ding Liren wa ku China anadabwitsa anthu m'masewero achiwiri posuntha kamsilikali komweko pa kusuntha kwachinayi, ndipo Ian Nepomniachtchi anamugonjetsa pa kusuntha kwa 29. Mlembi anathamanga nayo nkhaniyi ngati mwana wokaneneza mnzake. Yankho la alamu linali lakuti Ding anakasuntha kabokosi kamodzi kokha, zomwe zikusonyeza mtima wokayika, ndipo kachiwiri, kuti mlembi anene amene anapita kwawo ndi ukatswiri pomaliza. Anali Ding.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene siseketsa. Pa mpikisano wa dziko lonse ku London mu 2018, Magnus Carlsen ndi Fabiano Caruana analepherana m'masewero aatali onse 12, ndipo zambiri zimene oonerera amaziombera m'manja kumayambiriro kwa masewero otere sizibadwira pa bolodi ayi, zimakonzedwa kunyumba ndi gulu la akatswiri olipidwa, otchedwa ma second, pamodzi ndi makompyuta amphamvu. N'zoona kuti Stockfish ndi yaulere, koma aphunzitsi, makina othamanga ndi maulendo a ku mipikisano si zaulere, choncho mwana waluso wochokera ku dziko la ndalama yofooka amakhala atatsalira kale asanagwire chida chilichonse. Pamene zinthu zili choncho, bungwe la FIDE, limene limayendetsa chess padziko lonse, linapeza nthawi mu December 2024 ku New York yolipiritsa Carlsen madola 200 chifukwa chovala jinzi.

Carlsen yemweyo, amene anakana kuteteza ukatswiri wake wa dziko lonse mu 2023, wakhala akulimbikitsa Chess960, mtundu wa chess umene Bobby Fischer analengeza ku Buenos Aires mu 1996, momwe zida za mzere wakumbuyo zimasakanizidwa mwa maere m'njira 960, kuti kuloweza kukhale kopanda phindu ndipo munthu aganize yekha kuyambira pa kusuntha koyamba. Mlembi anaona kuti apa pali chipulumutso, popeza sipafunikanso madola, ndipo anapempha alamu ake kuti ayese mtundu umenewu. Alamuwo anavomera msanga mokayikitsa, atangofunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi maerewo amakhudzanso mzere wakutsogolo. Malamulo ake amanena momveka kuti sakhudza: m'njira zonse 960, kamsilikali ka m'mphepete kamakhala pamalo pake.