Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko, Ngakhale cha ku Labu

Makolo ponena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko sankaphiphiritsa kwenikweni. Ankanena za usiku wa mwezi wa June, kunja kukuzizira, chimbudzi chili kuseri kwa khola, fisi akulira kutsidya kwa dambo. M'nyumba mwagona anthu okukonda okhaokha, koma palibe angakupitire. Amene nyemba zamuvuta ndiye adzuke, apapase mpiringidzo, atuluke yekha.

Mwambi umenewu ukanayenera kupuma pantchito tsopano, chifukwa tili m'nyengo yotuma. Ndalama ya fetereza imafika kumudzi pa Mpamba kapena Airtel Money iwe uli khale pampando. Mayunitsi a magetsi umagula uli m'bulangete. Ndiwo amabweretsa wa kabaza. Ngakhale maliro, ena amangolemba "pepani" pa gulu la WhatsApp, n'kuikapo kachithunzi ka manja opemphera, basi akhuza. Kuchipatala nako kutuma kulipo: mdzukulu amalawirira kukakugwirira malo pamzere, mkamwini n'kukakutengera mankhwala kuwindo.

Chitseko chimodzi chokha ndicho chakanika, cha ku labu. Magazi satumiza pafoni. Ife a matenda a shuga timachidziwa bwino chitseko chimenechi, pamodzi ndi anzathu a BP, a impso, ndi omwe amakayezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Matenda a mgonagona alibe tsiku lomaliza, choncho ubale wathu ndi singano nawo ulibe chisudzulo.

Mwambo umayamba dzulo lake. Ngati akukayezani shuga wa m'mawa, muyenera kukhala maola osachepera 8 osaika kanthu kukamwa kupatula madzi. Madziwo imwani ndithu, chifukwa munthu wouma m'thupi mitsempha yake imavuta kuipeza. Mumafika pabenchi m'mimba mukulira, buku lachipatala lili m'manja. Ndipo mayi wogulitsa mandasi pageti ndi katswiri wa zamalonda woposa onse amene ndawaona, pakuti amadziwa kumene mphepo ikulowera ndipo amakhala mbali yomweyo.

Dzina lanu likaitanidwa mumalowa.

"Bambo, pindani malaya. Kungani chibakera."

Anesi amamanga gulovu pamwamba pa chigongono, amapukuta ndi thonje la sipiriti, kenako amayamba kusisita ndi kugogoda ndi zala ziwiri. Akakhala chete nthawi yaitali, dziwani kuti zinthu sizili bwino.

"Koma bambo, mitsempha mwaisiya kunyumba?"

"Ndabwera nayo yonse, anesi."

"Chabwino, musaope. Zingokhala ngati mwalumidwa ndi kanyerere."

Sindidziwa kuti anesi anakulira kuti, koma kwathu kanyerere kotero timati linthumbu. Singano imalowa, m'kachubu simubwera kanthu. Amaibweza pang'ono, amaipendeketsa, amafunafuna mkati momwemo, inu mukuwerenga chikalata cha katemera chomata pakhoma ngati mawa mulemba mayeso. Mkono wamanja ukakana amapita kumanzere. Kumanzere kukakana amatsikira kuseri kwa chikhatho, kumene khungu ndi lopyapyala ndipo ululu wake umakafika mpaka kudzino. Pomaliza magazi amatuluka, akuda bii, kulowa m'kabotolo ka chitsekerero chapepo. Amakupatsani kathonje n'kunena kuti mukanikize, musapinde mkono. Theka la anthu limapinda, mawa lake n'kumaonetsa anzawo pamene pada.

Amene amandimvetsa chisoni ndi mabwana. Munthu wakhala zaka makumi awiri akutuma: dalaivala, mesenjala, mlembi, mwana wa mlongo wake. Amafika ku labu ndi gulu lonse. Wina wanyamula jekete, wina wagwira mafoni awiri, wina wakaimika galimoto pamthunzi. Koma pampando uja amakhalapo yekha, ndipo mkono wopinda malaya ndi wake. Ena akangoona singano thukuta lili kamukamu, maso n'kutembenuka, uyo wagwa. Si ufiti kapena mantha achibwana ayi. Thupi likadzidzimuka, mtima umachepetsa kugunda, BP imatsika, magazi opita kuubongo amachepa, munthu n'kukomoka. Amamugoneka chagada, miyendo m'mwamba, pakapita kanthawi amatsitsimuka. Chovuta n'chakuti dalaivala waona zonse, ndipo dalaivala ali ndi anzake.

Pabenchi palinso akatswiri ena, ozembetsa shuga. Kukatsala masiku atatu kuti apite kukiliniki, amasanduka oyera mtima. Tiyi wopanda shuga, nsima ya mgaiwa mtanda umodzi, masamba ambirimbiri, Fanta osayandikira. Akawabaya kachala m'mawa, kamakina kamaonetsa nambala yaulemu, adokotala n'kugwedeza mutu mokhutira. Nzeru imeneyi imagwira pa kubaya chala, chifukwa kuyeza kumeneko kumangonena za shuga wa nthawi yomweyo. Komanso ngakhale madzi a mango otsalira pachala angakweze nambala, ndipo amati muzisamba m'manja kaye.

Koma m'zipatala zikuluzikulu muli kuyeza kwina kotchedwa HbA1c, ndipo kumeneku ndiko kwa kabotolo kapepo kaja. Shuga woyenda m'magazi amamatirira ku timaselo tofiira, ndipo timaselo timeneti timakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. Akawerenga kuchuluka kwa shuga womatirirayo amaona mmene mwakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayi. Ikafika 6.5 peresenti kapena kupitirira, amati munthu ali ndi matenda a shuga, ndipo ambiri odwala kale amawalangiza kuti ikhale pansi pa 7. Keke ya ukwati wa mwezi watha ili momwemo. Thobwa la pachiliza lili momwemo. Mzimbe umene munatafuna kuseri kwa nyumba mayi a kunyumba atapita kutchalitchi nawonso uli momwemo. Kusala kwa masiku atatu kumangosowa pakati pa umboni wonsewu. Magazi ako omwe, amene wawanyamula ndi kuwadyetsa moyo wako wonse, ndiwo amakuneneza.

Kale zinali bwinoko kumbali ya wodwala, chifukwa wovutika anali dokotala. M'zaka za m'ma 1670, dokotala wina wa ku England, Thomas Willis, analemba kuti mkodzo wa odwala matendawa ndi wotsekemera. Makina kunalibe, ndiye ganizani nokha kuti anadziwa bwanji. Asing'anga akale a ku India anali ochenjerako, iwo ankangoyang'ana ngati nyerere zikuunjikana pamene wodwala wakodza. Komabe sindingasinthanitse nthawi yathu ndi imeneyo. Insulin anaipeza mu 1921 ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo mnyamata wina, Leonard Thompson, ndiye anayamba kubayidwa mu January 1922. Zisanatero, mwana wopezeka ndi shuga sankakhalitsa. Dokotala ankalawa, n'kudziwa matenda, n'kusowa chochita.

Okutsekulirani zitseko zina ndiye sasowa. Mukangoti muli ndi shuga, aliyense amasanduka sing'anga. Alamu amabwera ndi ufa wa chammwamba, aneba amathyola masamba a nimu, wina m'basi akugulitsa botolo lochiza shuga, BP, nyamakazi ndi banja losokonekera pamtengo umodzi. Azakhali amatumiza uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri wonena za adyo. Onsewa ndi achikondi ndithu. Koma auzeni kuti Lachiwiri kukufunika mkono ku labu, muona aliyense akukumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Azungu ayesa kuugonjetsa mwambiwu. Apanga kachida kokula ngati ndalama yachitsulo komata kuseri kwa mkono, kamene kamakhala masiku 14 kakuyeza shuga usana ndi usiku n'kumatumiza manambala pafoni. Mtengo wake si wa matumba athu ambirife, ndipo kansonga kake kamalowabe m'khungu la wodwala yemweyo, osati la mesenjala. Kupita ku labu nakonso sikutha, chifukwa impso ndi mafuta a m'magazi zimafunabe singano. Chimene kachidaka kasintha n'chakuti manambala aja angathe kuonekanso pafoni ya m'bale wanu, kulikonse kumene ali. Mkulu wina amene timakhala naye pabenchi, mwana wake wamkazi wa ku Johannesburg anamugulira kachidaka, ndipo kuyambira pamenepo mtendere unatha. Akangomaliza kadzutsa foni imalira.

"Ababa, chakwera chonchi n'chiyani?"

"Ndi tiyi chabe, mwanawe."

"Tiyi wa masupuni angati? Tawapatsani foniyo amayi."