Kaundula wa Masikono, Madonasi ndi Timakeke: Nyumba Ina ya ku Ndirande

ZA NYUMBA INO

Malo: Ndirande, cha ku Malabada. Odya: anthu 6, ndiwo ine, bambo a ana, ana atatu (wa Sitandade 7, wa Sitandade 3 ndi chitsiriza wa zaka zitatu) ndi apongozi anga. Zolowa: malipiro a bambo a ana kufakitale ku Makata ndi zomwe ndimapeza pamakina osokera. Mitengo ndi ya pahokala, kubekale ndi pamsika wathu mwezi wathawu. Wowerenga aikepo yake, poti mitengo ya masiku ano siigonera. Tsamba lino ndi la zophikaphika zogula basi. Ufa, ndiwo, lendi, madzi ndi magetsi zili pa masamba ena.

GAWO 1: ZOTULUKA

Masikono a m'mawa: 6 pa K300 iliyonse, masiku 12. K21,600.
Ndalama yodyera kusukulu: ana awiri, K300 aliyense, masiku 20. Imathera pa donasi kapena kabanzi pageti. K12,000.
Timakeke ta kirimu pamwamba, tobwera ndi bambo a ana kuchokera m'tauni: 6 pa K1,000, Loweruka kawiri. K12,000.
Mabisiketi a kirimu a chitsiriza: kapaketi ka K300, masiku 20. K6,000.
Majarini wopaka masikono: K5,000.

Zonse pamodzi: K56,600.

Shuga wa mu tiyi sanawerengedwe pano, ngakhale sikono siyenda yokha.

GAWO 2: CHIFUKWA CHA MITENGO

Tirigu wolimidwa m'dziko muno, ku Tsangano ndi ku Neno, ndi wochepa kwambiri. Wambiri amachokera kunja, amatsikira kumadoko a ku Mozambique monga Nacala, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, tirigu anakwera padziko lonse. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, inachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zonsezi zinafika pambale ya m'nyumba muno m'njira ziwiri: mtengo wa sikono unakwera, sikono yeniyeniyo inachepa. Kale inkadzaza chikhatho cha munthu wamkulu. Ya lero mwana wa Sitandade 3 amaifumbata m'dzanja limodzi, ndipo akaifinya imatsala ngati theka, poti mkati mwake mwachuluka mpweya.

Mbatata ya ku Bvumbwe, nthochi za ku Thyolo ndi mtedza wa ku Mchinji nazo zakwera, koma siziwoloka nyanja.

GAWO 3: ZIMENE THUPI LALANDIRA PA K56,600

Ufa woyera wa tirigu: ndiwo wochuluka pa zonse. Pogaya amachotsa gaga ndi mtima wa njere, momwe mumakhala zothandiza m'mimba kugaya bwino ndi mavitamini ambiri. Chotsala ndi chopatsa mphamvu, ndi zomanga thupi pafupifupi magalamu 10 pa magalamu 100 a ufa.

Shuga: supuni yaing'ono imodzi ndi magalamu 4. Ndikamaphika ndekha timakeke 12 ndimathira kapu imodzi ya shuga, yomwe ndi magalamu pafupifupi 200. Kakeke kalikonse kamatenga masupuni 4, kirimu asanapakidwe. Ta kubekale sititsekemera mocheperapo.

Mafuta: galamu imodzi imapereka makalori 9, pomwe ya shuga kapena ya ufa imapereka 4. Donasi imamwa mafuta pokazinga, umboni wake ndi pepala lokulungira lomwe limafika kunyumba litanyowa mpaka kuonekera. Kirimu woyera wa pakati pa mabisiketi ambiri si mkaka. Ndi mafuta olimba osakaniza ndi shuga wosalala.

Mchere ndi soda: zilimo, ngakhale lilime silizimva chifukwa cha kutsekemera. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo.

Magulu a zakudya: alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6, omwe ndi zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndalama yonseyi yagwira magulu awiri, zokhutitsa ndi zamafuta. Awiriwa nsima ndi mafuta a m'ndiwo anali atawagwira kale. Magulu anayi otsalawo alandira K0, kupatula kadzira komwe kangakhale mu keke.

Kuwerengera kwa Loweruka limodzi, mwana wa Sitandade 3: tiyi wa m'mawa, masupuni 3. Kakeke, masupuni 4. Botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi la 300 ml lomwe anagula amalume ake, masupuni pafupifupi 8. Pamodzi: 15. Malangizo a WHO a mu 2015 amati shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zomwe munthu amadya patsiku. Kwa wamkulu ndi masupuni pafupifupi 12, ndipo 6 ndiye abwino koposa. Mlingo wa mwana ndi wocheperapo.

GAWO 4: ZABWINO ZOYENERA KULEMBEDWA

Nthawi: sikono ifika patebulo m'mphindi zochepa. Mbatata ifuna kutsuka, kuyatsa mbaula ndi kudikira, pamene bambo a ana ayenera kunyamuka kusanache bwino.
Makala: a tiyi okha.
Michere yowonjezera: lamulo la dziko lino limafuna kuti ufa wa tirigu wa m'mafakitale uthiridwe ayironi, zinki, foliki asidi ndi mavitamini ena, shuga ndi mafuta ophikira zithiridwe vitamini A, mchere uthiridwe ayodini. Oyang'anira ndi a Malawi Bureau of Standards. Choncho sikono yophikidwa ndi ufa wovomerezeka ili ndi kanthu. Koma vitamini A yemweyo ali mu mbatata yofiira mkati, mu mango, mu papaya ndi mu nkhwani, popanda kudzera pa shuga.
Ulemu wa mwana: wopita kusukulu chimanjamanja amayang'ana anzake akudya. Zimenezi zimapweteka, ndipo ndaziwerengera.
Chimwemwe: bambo a ana akalowa ndi jumbo ya timakeke, ana amawathamangira pakhomo. Mtengo wake sulembeka.
Ntchito za anthu: anyamata ophika usiku kubekale, amayi ogulitsa pageti pa sukulu. Ndi anansi athu, nawonso ali ndi lendi.

GAWO 5: ZOTULUKA ZOSAONEKA TSIKU LOGULA

Njala yobwerera msanga: mphamvu ya ufa woyera ndi shuga ndi moto wa mapesi. Mwana wodya sikono isanakwane 7 koloko amakhala akuyasamula nthawi ya buleki isanafike.
Nkhomaliro yosiyidwa: chitsiriza akadya mabisiketi cha m'ma 11 koloko, nsima amangoitsina, nyemba ndi chisoso amazikankha. Ndiwozo zinagulidwa ndi ndalama, makala anapsa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mimba ya mwana wa msinkhu uwu ndi yaing'ono. Malo amene bisiketi yatenga, dzira silipezanso.
Dzino: la wa Sitandade 7, lakumapeto, linabooka. Minibasi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, mankhwala opha ululu, tsiku lopanda sukulu, tsiku lopanda kusoka. Kudya zotsekemera pang'onopang'ono tsiku lonse kumawononga mano kuposa kudyera kamodzi pa chakudya, chifukwa tizilombo ta m'kamwa timasandutsa shuga kukhala asidi nthawi iliyonse imene wafika.
Apongozi: ali ndi matenda a shuga komanso kuthamanga kwa magazi. Sindikuloza sikono chala, matendawa magwero ake ndi ambiri. Koma kuchipatala anawauza kuti achepetse shuga, mchere ndi ufa woyera, ndipo m'mawa 12 mwezi uno tinawaikira patsogolo zomwezo. Iwo sakana chomwe mpongozi wawapatsa. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 pa 100 anali ndi shuga. Nyumba ino ili m'chiwerengero chimenecho.
Kusadziwa: paketi ya mabisiketi imalemba zomwe zilimo, kuyambira chochuluka kwambiri kutsikira m'munsi. Pa yomwe timagula, shuga ndi wachiwiri, mafuta achitatu. Kakeke ka m'galasi ndi donasi ya m'beseni zilibe cholembedwa chilichonse: shuga wochuluka bwanji, mafuta amtundu wanji, akazingira kangati, zaphikidwa liti. Wogula ayenera kufunsa, ndipo mabekale akuluakulu akanachita bwino kumalemba.

GAWO 6: NDALAMA YOMWEYO, MSIKA WOMWEWO

Mazira: tireyi imodzi ya 30. K13,500. Dzira lililonse lili ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi.
Mtedza: makilogalamu 3 pa K4,000. K12,000. Gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi zomanga thupi. Wina wokazinga, wina wa nsinjiro, wina wa chiponde. Usankhidwe bwino: wonyala, woola ndi wa chuku utayidwe, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi.
Mbatata: milu 10 pa K1,000. K10,000. Ikapezeka yofiira mkati, monga Kadyaubwerere kapena Chipika, ndiyo yoyamba kugulidwa.
Nthochi: 40 pa K150. K6,000.
Makala owonjezera: K7,000.
Timakeke: 6, kamodzi, tsiku la malipiro. K6,000.

Zonse pamodzi: K54,500. Zotsala: K2,100.

Magulu ogwiridwa: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zipatso ndi zamafuta. Zamasamba zili pa tsamba la ndiwo. Zomanga thupi za mazira ndi mtedza zokha: magalamu pafupifupi 930.

Mtengo wina wa njira iyi ndi tulo tanga. Mbatata iziphikidwa madzulo pa moto wotsala pa nsima, mtedza uzikazingidwa Lamlungu masana wa sabata yonse. Wa Sitandade 7 wafika posinja, ndipo bambo a ana avomera kumabwera ndi mbatata pochokera kuntchito.

GAWO 7: ZOGWIRIZANA ZA MWEZI WA MAWA

1. Masikono a m'mawa achotsedwa. M'malo mwake futali, mbatata yophika, kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro.
2. A kusukulu azinyamula nthochi ndi mtedza wokazinga, masiku ena dzira lowiritsa. M'sukulu zambiri za mu Blantyre muli phala la Likuni, la chimanga ndi soya, lochokera ku Mary's Meals, bungwe lomwe linayamba kudyetsa ana m'dziko muno mu 2002. Kapu isaiwalike m'chikwama.
3. Chitsiriza asapatsidwe mtedza wathunthu, ungamutsamwe. Wake ndi wa m'phala. Bisiketi isabwere nkhomaliro isanadyedwe.
4. Shuga wa mu tiyi atsike kuchoka pa masupuni 3 kufika pa 2, kenako 1. Wa apongozi atsate zomwe ananena kuchipatala.
5. Mlendo akabwera, chigumu cha mgaiwa ndi nthochi zakupsa chophikidwa pakhomo, shuga tithire tokha.
6. Timakeke ta bambo a ana tikhalepo, kamodzi pamwezi, tidyedwe pambuyo pa nsima, onse tili pamodzi, kenako kutsuka mano.
7. K2,100 yotsala ithandizire kugula mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride.

Tsamba lino lidzawerengedwanso pakutha pa mwezi, ndi mitengo yomwe idzakhalepo nthawi imeneyo.