Chitamando cha Oyilo Wolemera wa 20W-50, Mkhalapakati wa Mainjini a ku Bwacha

Mwa zinthu zonse zimene zimathiridwa m'galimoto, palibe chimene akatswiri a masiku ano amachinyoza kuposa oyilo wolemera wa 20W-50, komanso palibe chimene chagwira ntchito yaikulu mosadandaula ngati iyeyu m'magalaja a pansi pa mitengo a ku Bwacha, imodzi mwa makomboni odziwika a mumzinda wa Kabwe, kumene timagalimoto ta petulo ta Toyota Vitz, Honda Fit ndi Mazda Demio timakhalira kunyamula anthu, matumba a makala ndi madengu a tomato kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Amene anapanga timagalimototi ku Japan analangiza kuti tizithiridwa oyilo wopepuka monga 0W-20 kapena 5W-30, koma malangizowo anawalemba m'Chijapani, m'kabuku kamene nthawi zambiri kamasowa galimoto isanadutse pachipata cha Nakonde, motero n'koyenera kuti oyilo amene anadzipereka kulowa m'malo mwa malangizowo alandire ulemu wake.

Kuti ukulu wake umveke, pafunika kumasulira manambala amene amalembedwa pachigubu. Mwini manambalawa ndi bungwe la akatswiri a zamagalimoto la ku America lotchedwa Society of Automotive Engineers, mwachidule SAE, limene linakhazikitsidwa mu 1905 ndipo linayamba kuika oyilo m'magulu mu 1911, ndipo chimene manambalawo amanena ndi kulemera kwa oyilo, kutanthauza kuchedwa kapena kufulumira kwake poyenda m'timipata ta injini. Oyilo aliyense amalimba kukazizira ndipo amasungunuka akatentha, choncho nambala yoyamba, imene imatsatana ndi chilembo cha W choimira nyengo yachisanu, imasonyeza kuzizira kumene oyiloyo angapirire injini n'kuthabe kulira: wa 20W amayesedwa pa madigiri 15 kunsi kwa ziro, wa 5W pa madigiri 30, ndipo wa 0W pa madigiri 35 kunsi kwa ziro komweko. Nambala yachiwiri imanena za kulemera kwake pa madigiri 100, kutentha kofanana ndi kwa injini imene yayenda mtunda, ndipo pamuyeso wotchedwa centistoke oyilo wa 30 amagwera pakati pa 9.3 ndi 12.5 pamene wa 50 amagwera pakati pa 16.3 ndi 21.9. Masamu onsewa anafupikitsidwa mwanzeru ndi anthu otanganidwa: 50 ndi wamkulu kuposa 30, ndipo munthu wolemekeza galimoto yake sangaithire oyilo amene dzina lake likuyamba ndi ziro. Zoti oyilo wa ziroyo ndiye wokwera mtengo m'sitolo zimangotsimikizira omvera kuti padziko pano ochenjera ndi ambiri.

Oyilo wolemerayu sanabwere dzulo, ndipo mbiri ya makolo ake si yochititsa manyazi. Anatchuka ku Britain m'zaka za m'ma 1960 pamodzi ndi kagalimoto kotchedwa Mini, kamene kanakonzedwa ndi Alec Issigonis n'kutuluka mu 1959, ndipo injini yake ndi giyabokosi zinkagawana oyilo mmodzi, moti mano a magiya ankaphwanya oyilo wamba n'kumupepuza nthawi yake isanakwane. Kampani ya Castrol itatulutsa GTX mu 1968, dzina la 20W-50 linafika paliponse pamene panali Land Rover, Peugeot 404 kapena ma Fiat amene ankalumikizidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'mainjini a nthawi imeneyo, momwe mipata ya pakati pa zitsulo inali yotakasuka, analidi woyenera. Mzinda wa Kabwe, umene unkatchedwa Broken Hill mpaka 1966, unamulandira ndi manja awiri chifukwa ndi mzinda wa anthu a sipanala: njanji inafikako mu 1906, likulu la Zambia Railways lili komweko, ndipo mgodi wa mtovu ndi zinki unaphunzitsa mibadwo ingapo kusamala makina akuluakulu. Mgodiwo utatsekedwa mu 1994, luso la manja silinatsekedwe nawo, koma linatsikira m'makomboni n'kupatsidwa kwa achinyamata pamodzi ndi chiphunzitso chakuti chitsulo chogwira ntchito yolemetsa chimafuna mafuta olemera.

Timagalimoto ta ku Japan tinapeza chiphunzitsochi chitazika kale mizu. Boma la Zambia litamasula malonda pambuyo pa chisankho cha 1991, kunayamba kufika magalimoto ogwiritsidwapo ntchito, amene eni ake ku Japan amawagulitsa pothawa mtengo wa shaken, kuyendera kwa boma kumene galimoto imakumana nako ikakwanitsa zaka zitatu kenako zaka ziwiri zilizonse. Ambiri amatsikira padoko la Dar es Salaam n'kuyendetsedwa kudzera ku Tunduma, Nakonde, Mpika ndi Kapiri Mposhi, ndipo Vitz, amene anayamba kupangidwa mu 1999, amafika ku Bwacha ali kale ndi imvi, kainjini kake ka lita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, kamene sikalowa oyilo wopitirira malita anayi, katatumikira kale mbuye wina kwa zaka zambiri.

Apa ndi pamene ukoma waukulu wa 20W-50 umaonekera, ndipo ukomawo ndi kukhalitsa bata. Injini yokalamba imadandaula m'njira zingapo. Mabeyaring'i, amene ndi tizitsulo tosalala timene shafuti yaikulu imazungulirapo, akadyeka amasiya mpata ndipo injini imayamba kugogoda. Maring'i, timphete tachitsulo tozungulira pisitoni, akatha mphamvu amalola oyilo kukwera n'kukapsa pamodzi ndi petulo, ndipo kumbuyo kumatuluka utsi wabuluu umene umachititsa manyazi mwini galimoto pamaso pa apongozi. Kanyali kofiira ka padashibodi nako kamayamba kuthwanima galimoto ikaima, pakuti sikanena za kuchuluka kwa oyilo monga ambiri amaganizira, koma za mphamvu imene pampu ikumukankhira nayo, imene imatsika mipata ikakula. Oyilo wopepuka ndi kazitape, chifukwa zonsezi amaziulula poyera n'kukakamiza munthu kumasula injini, kugula maring'i ndi mabeyaring'i atsopano ndi kuimika galimoto kwa masiku angapo ana akudikira chakudya. Wolemera sachita zachibwana zotero: amadzaza mipata, kugogoda kumachepa, utsi umapepuka, kanyali kamazima, ndipo ngakhale palibe chitsulo ngakhale chimodzi chimene chachira, aliyense amapita kwawo mtima uli m'malo. Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo sananene kuti dambolo limabwezeretsa udzu umene wapsa kale.

Mtendere umenewu suthera m'boneti, umafika ndithu pakati pa anthu. Makaniko amene akanayenera kuuza kasitomala wake uthenga wa maliro amangopukuta manja n'kunena kuti, “Abwana, injini yanuyi yakula, tiipatse wolemera,” ndipo abwanawo amamva ngati galimoto yawo yakwezedwa paudindo. Wogulitsa galimoto, amene sakufuna kunama ndi pakamwa pake, amathira oyiloyu dzulo la tsiku la malonda n'kusiya injini kuti idzilankhulire yokha, ndipo wogula, amene waika khutu pafupi ndi boneti monga anamulangizira mlamu wake, amamva kulira kosalala n'kulipira mokondwera. Palibe mkhalapakati wina m'chigawo cha pakati cha Zambia amene wagwirizanitsa anthu ochuluka chonchi pamtengo wochepa chotere.

Omuneneza alipo, ndipo chilungamo chimafuna kuti amvedwe. Amati injini imadyeka kwambiri m'timphindi toyamba ikangolizidwa, oyilo asanakwere kuchoka m'sampu, chiwaya cha pansi pa injini mmene amagona usiku, kukafika kumutu kumene kuli mavalavu, ndipo amati m'mawa wa June ndi July, pamene kuzizira kwa Kabwe, mzinda wokhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200, kumatsika nthawi zina kunsi kwa madigiri 10, oyilo wolemera amachedwa panjira. Mlandu umenewu ndi wochepa mphamvu kuposa mmene eni ake amaunenera, popeza Kabwe sanaonepo kuzizira kwa madigiri 15 kunsi kwa ziro, komabe kuchedwako n'koona, ndipo kuyenera kumveka monga ulemu wa munthu wamkulu amene sathamangira kuntchito ngati mnyamata waganyu. Mlandu wolemerapo ndi wa VVT-i, njira imene mainjini a Toyota amasinthira nthawi yotsegula ndi kutseka mavalavu pogwiritsa ntchito oyilo yemweyo, amene amayenera kudutsa pakasefa kakang'ono ndi pakavalavu kolamulidwa ndi kompyuta ya galimoto. Kompyutayo ikalamula oyilo n'kuchedwa kumvera, makamaka ngati kasefako katsekeka ndi litsiro, galimoto imafooka ndipo kanyali kachikasu kamayaka. Koma vutoli linathetsedwa kale ndi kachidutswa ka tepi wakuda womata pakanyaliko.

Pa nkhani ya petulo m'pamene luso la oyiloyu lobisa mapazi limadabwitsa. Pampu ndi mapisitoni zimawononga mphamvu yambiri pokankha oyilo wolemera kusiyana ndi wopepuka, ndipo mphamvuyo imachokera m'thanki, n'chifukwa chake opanga magalimoto anathamangira ku 0W-20. Kusiyanako n'kochepa paulendo umodzi wochoka ku Bwacha kupita m'tauni, koma kwa woyendetsa takisi amene amabwereza ulendowo chaka chonse kumasanduka ndalama zooneka. Mwamwayi, mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, motero thumba likapepuka mwini galimoto amadziwa kale woti amudzudzule, ndipo chigubu chimene chili m'buti sichitchulidwa n'komwe pamlanduwo.

Kudzichepetsa kwake nako n'kosowa. Oyilo wapamwamba amafuna chigubu chomata, lisiti ndi wogula wodziwa kuwerenga zilembo za American Petroleum Institute, mwachidule API, zimene zimasonyeza mankhwala otsuka ndi oteteza zitsulo amene asakanizidwamo: S ndi wa injini ya petulo, C ndi wa dizilo, ndipo chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo ndiye kuti muyezo ndi watsopano, monga SL wa 2001, SM wa 2004, SN wa 2010 ndi SP wa 2020. Wolemera alibe matama otere. Amalola kutungidwa m'mgolo n'kupimidwa m'botolo la madzi akumwa, amalola kusakanizidwa ndi 15W-40 wotsala ku minibasi ya dizilo, ndipo akapezeka m'chigubu cholembedwa SF, gulu limene API imati siliyenera mainjini ambiri opangidwa pambuyo pa 1988, sachita manyazi ndi ukalamba wake. Salimbikiranso kusinthidwa, pakuti injini imene imawotcha oyilo imafuna kuwonjezeredwa sabata ndi sabata, ndipo mwini wake amaganiza mwanzeru kuti oyilo amene akulowa watsopano nthawi zonse ndiye kuti akudzisintha yekha. Fyuluta imakhala yomweyo, fumbi la October limalowa, maulendo aafupi salola injini kutentha mokwanira kuti chinyezi ndi petulo zimene zatsikira m'sampu ziuluke, ndipo pang'ono ndi pang'ono m'kati mumaundana matope akuda amene kulimba kwake kumaposa nambala iliyonse imene SAE inalembapo.

Ngakhale tsiku lomukhetsa likafika, utumiki wake sutha. Oyilo wakuda amapakidwa pamitengo ya denga ndi ya mpanda kuti chiswe chisadye, amathiridwa m'zimbudzi zokumba kuti fungo ndi ntchentche zichepe, ndipo wotsala amamwedwa ndi dothi la pagalaja, limene limada mpaka udzu kuleka kumerapo. Bungwe la Zambia Environmental Management Agency, limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2011, limamuwerengera m'gulu la zinyalala zoopsa chifukwa amanyamula tizidutswa ta zitsulo ndi zotsalira za moto zimene zimatsikira m'madzi a pansi, omwewo amene anthu amatunga m'zitsime. Omuteteza amayankha kuti dothi la Kabwe linalandira kale mtovu wa mgodi, umene wavulaza ana ambiri ku Kasanda, Chowa ndi Makululu ndipo unachititsa bungwe la Blacksmith Institute kuika mzindawu pakati pa malo 10 oipitsidwa kwambiri padziko lonse mu 2013, choncho malita ochepa a oyilo sangasinthe kanthu. Yankho limeneli latumikira aliyense amene anathirapo kanthu m'dothi la mzindawu kuyambira pamene mgodi unatsegulidwa.

Injini imene wolemera wailera imafa mwakachetechete monga inakhalira, kawirikawiri pamsewu waukulu wopita ku Lusaka, pamene beyaring'i imene inasiya kudandaula miyezi yapitayo yagwira shafuti n'kukana kuisiya. Palibe amene amaloza oyilo chala, chifukwa onse amakumbukira kuti ndiye anaichotsera kugogoda, ndipo chigamulo chimakhala chakuti timagalimoto ta masiku ano n'topanda mphamvu poyerekeza ndi Peugeot wakale. Mwini galimoto amakongola ndalama n'kugula injini ina yogwiritsidwapo ntchito yochokera ku Japan komweko, imene yakhala moyo wake wonse ikuyendera 0W-20 ndipo m'kati mwake mukuwalabe, ndipo makaniko akamaliza kuimanga amatuma mnyamata wake kukagula malita anayi a 20W-50 kuti mlendoyo azolowere msanga nyengo ya kuno.